PHUNZIRO LA MWEZI UNO: N'CHIFUKWA NINJI TIMADIKIRA PAWINDO LA MANKHWALA?

Wolemba: Mthandizi wa Zofalitsa Nkhani, Mulanje

Owerenga athu a m'boma la Mulanje, phunziro la mwezi uno likunena za mzere wa pawindo lolandirira mankhwala. Palibe munthu amene amaukonda mzere umenewu. Wodwala amakhala atadzuka m'mamawa, wayenda ulendo wautali, wadikira kuti aonane ndi dokotala, ndipo pofika pawindo mtima umakhala utatopa kale. Pamenepo m'pamene pamabuka mawu oipa. Ena amagogoda pawindo, ena amalalatira wopereka mankhwala, ena amangotola buku lawo n'kupita kukagula mankhwala pamsika. Tsono tifuna kuti tione bwino chimene chimachitika kuseri kwa windo lija, kuti tidziwe kudikira kumene kuli ndi phindu ndi kudikira kumene tiyenera kudandaula nako. Tikupempha mafumu, aphunzitsi ndi akulu a mipingo kuti awerengere anthu awo phunziroli pamisonkhano, makamaka amene sadziwa kuwerenga.

1. KUMENE TIMALANDIRA MANKHWALA

M'boma lathu lino muli malo a mitundu inayi. Poyamba pali zipatala za Boma, ndizo chipatala chachikulu cha paboma ndi zipatala zing'onozing'ono monga za Chonde, Chambe, Muloza, Mimosa ndi Namphungo. Kumeneko mankhwala ndi aulere. Chachiwiri pali zipatala za mipingo, monga Mulanje Mission ya mpingo wa CCAP, kumene munthu amalipira kangachepe. Chachitatu pali timazipatala ta m'maesiteti a tiyi tothandiza antchito ndi mabanja awo. Chachinayi pali masitolo a mankhwala, amene ambiri amawatcha famase.

Masitolo amenewa sali ofanana. Famase yeniyeni imayang'aniridwa ndi munthu wophunzira za mankhwala, ndipo imaloledwa kugulitsa mankhwala amphamvu kwa munthu amene wabwera ndi kalata ya dokotala. Masitolo ena ang'onoang'ono amaloledwa kugulitsa mankhwala owerengeka okha. Amene amapereka chilolezo kwa onsewa ndi bungwe la Boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019 kulowa m'malo mwa bungwe lakale la lamulo la 1988. Munthu woyala mankhwala pansi pamsika, kapena woyenda nawo m'chikwama panjinga, alibe chilolezo cha wina aliyense.

2. CHIMENE CHIMATALIKITSA MZERE

Pakalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu oposa 680,000. Pamwamba pa amenewa pali abale athu a ku Mozambique a mbali ya Milange, amene ena mwa iwo amaoloka malire kudzafuna chithandizo kuno. Koma anthu ophunzira ntchito yopereka mankhwala ndi ochepa m'dziko lonse lino. Kumbukirani kuti sukulu ya madokotala ya ku Blantyre inayamba kuphunzitsa akatswiri a mankhwala m'chaka cha 2006, ndipo kale lonse munthu ankachita kupita kunja kukaphunzira. Lero alipo othandiza a pawindo amene amaphunzira zaka ziwiri ku Malawi College of Health Sciences, komabe sanakwane ponseponse. Pazipatala zina zazing'ono munthu mmodzi yemweyo ndiye amapima odwala, kulemba mankhwala ndi kukatsekula windo.

Tiyeni tiwerengetse monga amachitira ana asukulu. Tiyerekeze kuti tsiku lina pafika odwala 200, ndipo wopereka mankhwala ndi mmodzi. Akatha mphindi zitatu pa munthu aliyense, zonse pamodzi zikwana mphindi 600, ndiwo maola khumi, osapuma ngakhale kumwa madzi. Chomwecho inu amene muli wa nambala 100 pamzere mudzadikira maola asanu ngakhale munthuyo asachite ulesi ndi pang'ono pomwe. Kufuula kwanu sikungachepetse chiwerengero chimenechi. Chimene kungachite ndi kumuchititsa kuti adule mphindi zitatu zija zikhale imodzi, ndipo m'munsimu muona chimene chimatayika akatero.

Palinso nyengo. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo mvula imagwa kwambiri kuno kunsi kwa phiri, udzudzu umaswana, ndipo malungo ndi kutsegula m'mimba zimachuluka. Nyengo yomweyonso ndiyo imene tiyi amaphukira kwambiri, ndipo wothyola tiyi, amene malipiro ake amayendera makilogalamu amene wathyola, amaona kuti ola lililonse la pamzere ndi ndalama yotayika. Mlimi nayenso mtima uli kumunda kumene udzu ukukula. Ichi tikuchidziwa, ndipo sitikunena kuti wofulumira aliyense ndi wamwano. Koma nthawi imene tonse tili pachangu ndi yomweyo imene odwala achulukitsa. Lolemba nalonso mzere umatalika, chifukwa amene anadwala Loweruka ndi Lamulungu amafika tsiku limodzi.

3. NTCHITO IMENE IMAGWIRIDWA KUSERI KWA WINDO

Ambiri timaganiza kuti kupereka mankhwala kuli ngati kugulitsa sopo m'golosale: wanena, wapatsidwa, wapita. Si choncho iyayi. Buku lanu la kuchipatala likalowa pawindo, wopereka mankhwala ayenera kuchita izi:

Choyamba, awerenge zimene dokotala walemba. Ngati pena sipakuoneka bwino, saloledwa kungoganizira, ayenera kukafunsa.

Chachiwiri, atsimikize kuti bukulo ndi lanu. M'mudzi umodzi mumatha kukhala anthu atatu a dzina limodzi, ndipo ena amabwera ndi buku lobwereka.

Chachitatu, aone msinkhu ndi sikelo ya wodwalayo, makamaka ngati ndi mwana, kuti muyeso wa mankhwala ukhale woyenera.

Chachinayi, aone ngati mankhwala atsopanowo akugwirizana ndi ena amene mukumwa kale, ndiponso ngati mayi ali woyembekezera.

Chachisanu, aone tsiku limene mankhwalawo adzathere mphamvu, awerenge mibulu, aike m'kapepala, ndi kulembapo kamwedwe kake.

Chachisanu ndi chimodzi, alembe m'kaundula zimene wapereka. Ena amati kulemba kumeneku ndi kutaya nthawi. Koma kuchokera m'kaundulamo ndi m'makadi a m'nyumba yosungira mankhwala ndimo mumatuluka lipoti la pamwezi, limene limapita kuboma kuti aitanitse mankhwala ena ku Central Medical Stores Trust. Kaundula akalakwika, mwezi wamawa mankhwala adzafika ochepa, ndipo wovutika adzakhala inu nomwe. Kaundula yemweyo ndiye amathandiza kugwira wakuba.

Chotsiriza, akufotokozereni kamwedwe kake ndi kuona ngati mwamvetsa.

Tsono mwa ntchito zisanu ndi ziwirizi, imene imayamba kudumphidwa anthu akamakankhana ndi kutukwana pawindo ndi yotsirizayi. Munthu amapatsidwa kapepala kake mosafotokozeredwa, nakafika kunyumba osadziwa ngati amwe iwiri kapena umodzi.

4. CHITSANZO CHA MANKHWALA A MALUNGO

Titenge mankhwala a LA, amene pafupifupi banja lililonse kuno linawamwapo. Akuluakulu akukumbukira kuti kale tinkamwa kolokwini. Tizilombo ta malungo titaleka kufa naye, dziko la Malawi linamusiya m'chaka cha 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo linali dziko loyamba mu Africa kuchita zimenezi. Fansidar nayenso atafooka, m'chaka cha 2007 tinayamba LA. Mankhwala awiri anatitayika kale m'manja, ndipo LA tiyenera kumusamala.

Masiku ano munthu asanapatsidwe LA amayamba wapimidwa magazi a pachala. Kachipangizo kopimirako kamafuna mphindi 15 kapena 20 kuti kaonetse zoona. Mukamukakamiza wopimayo kuti ayang'ane msanga, akhoza kukuuzani kuti mulibe malungo pamene muli nawo.

Muyeso wa LA wa kuchipatala cha Boma umayendera sikelo motere: mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa m'bulu umodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 amamwa iwiri, wa 25 mpaka 34 amamwa itatu, ndipo wa makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa inayi. Amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Akamwa koyamba, amamwanso pakapita maola asanu ndi atatu, kenaka m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Kotero munthu wamkulu amamwa mibulu 24. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka, ndipo khanda liyamwitsidwe.

Koma taonani. M'mafamase ena mumagulitsidwa mankhwala omwewa a mibulu yamphamvu, imene munthu wamkulu amamwa umodzi wokha nthawi iliyonse, yonse pamodzi isanu ndi umodzi. Munthu amene anazolowera kumwa inayi, akalanda paketi n'kuthamangira minibasi osamva malangizo, adzamwa muyeso wopitirira kanayi. Winanso, mayi wa ana awiri odwala, akaphatikiza mapaketi osaonetsetsa, adzapatsa wamkulu muyeso wa wamng'ono, ndipo malungo adzabwereranso. Akulu anati safunsa anadya phula.

5. MANKHWALA AMENE SAYENDERA PAMODZI

Wopereka mankhwala akakufunsani mafunso, musaganize kuti akufuna kudziwa za m'nyumba mwanu. Nazi zifukwa zake zina.

Mayi woyembekezera amapatsidwa Fansidar kusikelo kuti atetezedwe ku malungo. Koma ngati mayiyo akumwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku, monga amachitira amene ali pa ma ARV, sapatsidwa Fansidar, pakuti mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi ndipo pamodzi akhoza kumuvulaza.

Mankhwala a chifuwa chachikulu, amene amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ali ndi mankhwala ena m'kati mwake otchedwa rifampicin. Amenewa amafooketsa mapiritsi ndi timapulasitiki ta pamkono ta kulera, ndiponso amachititsa kuti muyeso wa ma ARV ena usinthidwe. Amafiiritsanso mkodzo. Munthu amene sanauzidwe zimenezi amachita mantha poganiza kuti akukodza magazi, nasiya mankhwala.

Aspirin sapatsidwa kwa ana. Brufen ndi woopsa kwa munthu wa zilonda za m'mimba. Doxycycline sapatsidwa kwa mayi woyembekezera kapena kwa mwana wosakwana zaka zisanu ndi zitatu. Womwa Flagyl asamwe mowa. Panado naye, ngakhale timamuona ngati wosaopsa, amaononga chiwindi akamwedwa mopitirira muyeso, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali ndi Panado kale m'kati mwake.

Zonsezi munthu wa pawindo sangazidziwe pongokuyang'anani kumaso. Ayenera kufunsa, inu muyankhe zoona, ndipo zimenezi zimatenga nthawi.

6. ZIMENE ZIMAGWERA WOTHAWA MZERE

Munthu akatopa ndi mzere n'kupita kwa wogulitsa wa pamsika, amathandizidwa msanga ndithu. Safunsidwa funso, sapimidwa magazi, ndipo amagula monga mwa ndalama zake: makapisozi anayi kapena asanu a amoxicillin m'malo mwa muyeso wonse. Pali zoopsa zitatu pamenepa.

Choyamba, mankhwalawo akhoza kukhala achinyengo, otha mphamvu, kapena oonongeka ndi dzuwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse ndi achinyengo kapena osafika pamuyeso. M'chaka cha 2022 ku Gambia kunamwalira ana pafupifupi 70 atamwa mankhwala amadzi a chifuwa amene munali poizoni. Ngati zotere zimachitika, nanga bwanji mankhwala amene palibe ndi mmodzi yemwe amene anawayendera?

Chachiwiri, kumwa muyeso woperewera kumaphunzitsa tizilombo kupirira. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini m'chaka cha 1928, anachenjeza za chinthu chimenechi m'chaka cha 1945 polandira mphoto ya Nobel. Chenjezo lake lapherezeka: akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu oposa 1,200,000 padziko lonse anafa ndi tizilombo tosamvanso mankhwala. Tizilombo totere sitikhala mwa munthu mmodzi. Timafalikira kwa ana ake ndi kwa anansi ake.

Chachitatu, mankhwala ena a pamsika ndi obedwa m'zipatala za Boma. Wogula mankhwala otere akulipira ndalama pa chinthu chimene chinali chake kale, ndiponso akulimbikitsa wakubayo kuti akabenso. Mawa akadzapita kuchipatala n'kumva kuti mankhwala atha, adzadabwa chiyani?

7. AMENE SAYENERA KUDIKIRA

Tisamve molakwa. Kudekha sikutanthauza kukhala chete mwana akufa pamsana. Pali odwala amene ayenera kudumpha mzere uliwonse, wa kwa dokotala ndi wa pawindo womwe: mwana amene akukomoka kapena kugwedezeka, amene akubanika popuma, amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza chilichonse, kapena wofooka mosadzutsika, mayi woyembekezera amene akutaya magazi kapena matenda ake ayamba, munthu wotsegula m'mimba mwa madzi okhaokha monga zinkachitikira pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, wolumidwa ndi njoka, ndi wovulala kwambiri.

Njira yosankha ana odwalitsa pamzere kuti athandizidwe poyamba inayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo inachepetsa imfa za ana. Lero ikuphunzitsidwa m'maiko ambiri. Tsono mukaona namwino akutenga mayi wa kumbuyo n'kupita naye kutsogolo, musafulumire kunena kuti ndi mbale wake. Ndipo inu mukaona mwana wa mnzanu ali motero pamzere, itanani namwino msanga. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

8. ZIMENE IFE TINGACHITE KUTI NTHAWI ICHEPE

(a) Tengani buku lanu la kuchipatala, lanulanu, ndipo lisungeni m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe. Pamene namondwe wa Freddy anaononga midzi yambiri kuno mu Malichi 2023, anthu ena anataya mabuku ndi mankhwala omwe. N'chifukwa chake ndi bwino kuti womwa mankhwala a nthawi yaitali aloweze dzina la mankhwala ake pamtima, ndiponso auzeko mbale mmodzi.

(b) Tengani mapaketi a mankhwala ena onse amene mukumwa, ndipo nenani ngati mukumwanso a zitsamba.

(c) Ngati matenda si adzidzidzi, monga kukatenga mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu, pitani pa tsiku limene munauzidwa, mankhwala asanathe. Musadikire Lolemba.

(d) Mwana wosakwana zaka zisanu akatentha thupi, kutsegula m'mimba kapena kutsokomola, yambani mwapita kwa mlangizi wa zaumoyo ngati m'dera lanu muli kachipatala ka m'mudzi. Alangiziwa anaphunzitsidwa kuthandiza matenda atatuwa ndi kutumiza kuchipatala amene awakulira.

(e) Amene ali pa ma ARV, amene Boma linayamba kupereka kwaulere m'chaka cha 2004, afunse kuchipatala ngati angathe kulandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Amene akumwa mokhulupirika ndipo ali bwino amatha kupatsidwa mpaka a miyezi isanu ndi umodzi.

(f) Pawindo imani mmodzimmodzi. Anthu akaunjikana, wodwala amachita manyazi kunena zoona, ndiponso mapepala amasinthana.

(g) Musanachoke pawindo kapena m'famase, dziwani zinthu zinayi izi: Mankhwalawa ndi a chiyani? Ndimwe ingati? Kangati patsiku? Masiku angati? Bwerezani mokweza kuti wopereka mankhwala amve ngati mwagwira. Ngati simudziwa kuwerenga, pemphani kuti akuchongereni pa zithunzi za dzuwa ndi mwezi zimene zili pakapepala. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

(h) Mukauzidwa kuti mankhwala atha ndipo mukagule, pemphani kuti akulembereni dzina lake ndi muyeso wake, ndipo funsani ngati alipo ena ofanana nawo. Kagulani m'sitolo ya chilolezo, ndipo gulani muyeso wonse. Wogulitsa akakana kukupatsani mankhwala amphamvu popanda kalata ya dokotala, musamunyoze. Akutsata lamulo limene likuteteza inu.

9. NGATI PALI CHODANDAULA

Boma silinena kuti kudikira kulikonse ndi kwabwino. Ngati windo latsekulidwa mochedwa popanda chifukwa, ngati wantchito akucheza pafoni odwala ali pamzere, ngati akutukwana anthu, kapena akufuna ndalama kuti akuthandizeni msanga, kumeneko ndi kulakwa. Mankhwala a m'chipatala cha Boma salipiridwa ndi tambala imodzi yomwe. Koma njira yake si kugogoda pawindo. Chipatala chilichonse chili ndi komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, imene imakhalapo pamene mankhwala akutsitsidwa m'galimoto ndiponso imamva madandaulo. Palinso wolandira madandaulo wa pachipatala, amene amamutcha Ombudsman. Pitani kwa amenewa, kapena kwa mkulu wa chipatala, kapena kwa a mfumu, ndipo nenani tsiku, nthawi ndi chimene chinachitika. Dandaulo lolongosoka limakonza zinthu kwa anthu onse. Mkangano wa pawindo umangochedwetsa amene ali kumbuyo kwanu.

Nawonso antchito a pawindo tiwapempha kuti mzere ukaima pa chifukwa china, monga kukatenga mankhwala kosungira kapena kukathandiza wodwalitsa, azitulukira ndi kuuza anthu. Munthu amene wauzidwa chifukwa amapirira.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAMSONKHANO

1. Tchulani ntchito zisanu ndi ziwiri zimene wopereka mankhwala amagwira asanakupatseni mankhwala.

2. Mwana wolemera makilogalamu 18 amamwa mibulu ingati ya LA nthawi iliyonse, ndipo yonse pamodzi ikhala ingati?

3. N'chifukwa ninji mayi woyembekezera ayenera kunena ngati akumwa Bactrim?

4. Ndi odwala ati amene sayenera kuima pamzere?

5. Kodi amene ali m'komiti ya chipatala cha kwanu mumawadziwa? Ngati simuwadziwa, funsani a mfumu pamsonkhano womwewu.

Sungani nyuzi ino, ndipo mukatha kuwerenga mupatseko mnzanu. Mwezi wamawa tidzaphunzira za kasungidwe ka mankhwala m'nyumba, kuti asaonongeke ndi chinyezi ndiponso kuti ana asawafikire.